Mwala wa Nangozo

Ku Ufumu wa Tidikirebe munthu amabadwira pamzere, amakulira pamzere, ndipo akamwalira amadikiranso kuti adzukulu amalize kaye manda a amene anayamba kufika. Kuchigayo kuli mzere, kumjigo kuli mzere, kuchipatala ndiye musachite kufunsa. Kukamveka kuti shuga wafika, mzere umayambira pasitolo n'kukathera kuseri kwa phiri, ndipo amene ali kumapeto nthawi zambiri sadziwa n'komwe chimene akudikira. Amangoona anzawo aima, iwonso n'kuimapo poopa kumanidwa.

Poti munthu ali ndi miyendo iwiri yokha pamene mizere ndi yambirimbiri, anthu a ku Tidikirebe anatulukira nzeru. Aliyense ali ndi mwala wake. Ukafika pamzere umaika mwala wako pansi, n'kuuza wakutsogolo kuti, "Ndili pambuyo panu," basi iwe n'kupita kukaima pamzere wina. Mzere ukasuntha, amene ali pafupi amausunthitsako mwalawo, chifukwa akudziwa kuti wake uli kwinakwake ukusunthidwa ndi ena.

Chaka china amalume ake a Mfumu anasiya mwala wawo kuchigayo, munthu wina wosaleredwa bwino n'kuukankha ndi phazi. Nkhani inafika kubwalo lalikulu, ndipo kumeneko kunatuluka Lamulo la Mwala: "Mwala woima pamzere ndi mwini wake. Woukankha wakankha mwini wake, woulumpha walumpha mwini wake, woutukwana alipe mbuzi." Mwa malamulo onse a dzikolo, ili lokha ndi limene anthu analiombera m'manja osauzidwa. Kuyambira pamenepo si zachilendo kuona bambo wa ndevu zake akuvula chipewa podutsa pamzere n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, apongozi," kwinaku akuyang'ana pansi pamene pali chimwala cha ndere.

Mfumu ya dzikolo inali Sindikhuta Wachitatu, ndipo likulu lake linali ku Kudyaokha. Mmawa wina nduna zinali m'kati mokambirana nkhani yaikulu, yoti nkhuku za kunyumba yachifumu zizidyedwa kuyambira ntchafu kapena chifuwa. Mwadzidzidzi mpando wachifumu unalira kuti kwee! kenako phwa! Mfumu inapezeka pansi, miyendo m'mwamba. Nduna zonse nthawi yomweyo zinadzigwetsa pansi, miyendo m'mwamba, poti palibe amaloledwa kukhala pamwamba kuposa Mfumu. Msonkhano unapitirira choncho.

"Ndani wachepetsa mpando wanga?" inafunsa Mfumu ikuyang'ana kudenga.

Amene anayankha anali a Khalanikaye, Nduna ya Mizere ndi Kudikira, munthu amene lilime lake silinapunthwepo chibadwire. "Mpando sunachepe, Mwini Dziko. Ndi ulemerero wanu umene wakula. Makamaka chakumbuyoku."

Anaitana akalipentala kuti ayeze ulemererowo. Anayeza ndi chingwe, chingwe n'kutha, analumikiza china. Atanong'onezana kwa kanthawi, ananena kuti m'dziko lonse muli mtengo umodzi wokha umene thunthu lake lingatulutse mpando woyenera, ndipo ndi mango wamkulu wa pamsika wa Bweranimawa.

"Kaduleni," inatero Mfumu.

"Mwini Dziko," anatero a Khalanikaye akukwawira pafupi, "mafumu oyandikana nafe akutiseka kuti ife sitifunsa anthu. Masiku ano mfumu yotsogola, isanachite zimene yaganiza kale, imayamba yachititsa chisankho."

"Kufunsa anthu? Nanga akayankha?"

"Amayankha papepala, Mwini Dziko. Pepala silikuwa."

Mawu amenewa anaikomera Mfumu. Inafunsa monga mwa mwambo kuti, "Alipo wotsutsa?" Onse anakhala duu. Ndipo poti ku Tidikirebe kukhala chete pamaso pa Mfumu ndiko kuvomera, nkhani inatha, nduna n'kuthandizana kudzuka.

Tsono mango ameneyu sanali mtengo wamba. Msika wonse wa Bweranimawa unali pansi pake, chifukwa shedi imene Mfumu inalonjeza inamangidwa pawailesi pokha. Ndipo patsinde penipeni, pamene mthunzi suchoka tsiku lonse, panali benchi la Nangozo, mayi wogulitsa tomato. Amayi ake ankagulitsa pamenepo, iye anakwawira pamenepo, ndipo mwamuna wake Lufeyo, wa kabaza, anamufunsira pomwepo akunamizira kufunsa mtengo wa tomato. Mwana wawo Lonjezo anaphunzira sukulu ndi tomato wa pamthunzi umenewo. Tomato sagwirizana ndi dzuwa. Mukamusiya pamtetete masana amodzi a mwezi wotentha, madzulo mumagulitsa msuzi. Nangozo ankadziwa kuti mtengowo ukagwa, geni yake yagwera pomwepo.

Wolengeza za boma atafika pamsika ndi chimkuzamawu, anafotokoza kuti pepala lovotera lidzakhala ndi zithunzi ziwiri, mtengo ndi mpando, ndipo aliyense adzachonge chimene mtima wake ukufuna.

"Bwanji osangochepetsa Mfumuyo?" anafunsa Abiti Kassimu, mnzake wa Nangozo wokazinga mandasi pabenchi loyandikana. "Angobwera adzakhale kwathu mwezi umodzi, mpando wakale uja adzakwanamo ndi alendo omwe."

"Funsolo talilandira," anatero wolengezayo. "Yankho mubwere mawa."

Anthu anaseka, koma Nangozo sanaseke. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wogula tomato ankalandira basera la ulaliki. Anayenda benchi ndi benchi, anakalankhula kumjigo, anaimirira ngakhale pamaliro, mpaka akuluakulu anachita kumukhazika pansi. "Abale anga, tidzapite tokha, ndi miyendo yathu! Mwala sugwira cholembera!" Ndipo onse analumbira, ena mpaka kuloza kumwamba, kuti adzavotera mtengo. Sankanama ayi. M'dera lonselo munalibe munthu ndi mmodzi yemwe wofuna kuti mango adulidwe. Ngakhale akalipentala aja ankadyera chiwaya pansi pake.

Tsiku lachisankho linafika. Malo oponyera voti anali pasukulu ya Taweruka, ndipo dzuwa lisanatuluke bwino mzere unali utadutsa kale bwalo la mpira. Anali anthu enieni, amiyendo, osamba, ena atavala za kutchalitchi. Nangozo anali kutsogolo ndithu, Abiti Kassimu pambuyo pake. Atacheuka n'kuona khamulo, mtima wake unadzaza, misozi n'kulengeza.

Vuto loyamba linali bokosi. Chifikireni m'dzikomo, bokosi loponyamo voti linkasungidwa kwa apongozi ake a Mfumu, ndipo nkhuku yawo inaikiramo mazira. Asilikali analibweretsa atalinyamula mwaulemu, nkhuku ili momwemo ikufungatira. Nkhuku ya apongozi a Mfumu sidzutsidwa ndi munthu wamba. Kalaliki wa chisankho, a Gidiyoni, anaiwazira madeya, anaiitana ndi mlomo, anaigwadira n'kuifotokozera kufunika kwa tsikulo. Nkhuku inangowayang'ana ndi diso limodzi. Analengeza kuti kuvota kuyamba nkhuku ikadzuka yokha.

Vuto lachiwiri linali inki. Botolo linatayikira m'thumba la a Gidiyoni, dzanja lonse n'kuda bii. Poti anali munthu wa mwambo, anayenda pamzere kupatsa moni wa m'manja akuluakulu onse. Atabwerera patebulo anakumbukira lamulo loti wa inki pachala wavota kale, ndipo anabwereranso pamzere kukathokoza akuluakulu aja n'kuwauza kuti azipita. Madala ena anapita akusangalala kuti zamakono n'zachangu.

Dzuwa linakwera. Nkhuku sinadzuke. Kenako kumsewu kunadutsa munthu panjinga, chigubu chikulendewera kumbuyo, akukuwa kuti, "Mafuta ophikira afika kudepoti ya ku Kudyaokha!"

Mzere wonse unagwedezeka. Mafuta anali atasowa kwa nthawi yaitali moti ana ena ankangowamva m'nthano. Manja anayamba kulowa m'matumba ndi m'mipango, miyala n'kuyamba kutuluka. Apa gu! apo gu! "Ndili pambuyo panu." "Inenso ndili pambuyo panu." Ena anakumbukira kuti anayanika ufa ndipo kumwamba kukuoneka mitambo, ena kuti mbuzi sanamangirire. Aliyense ankati angopita pang'ono, abwera nkhuku isanadzuke.

"Abale, mapanga awiri avumbwitsa!" anakuwa Nangozo. "Munalumbira!"

"Tikubwera, mayi, malo tasunga."

Abiti Kassimu analimba mtima kwa kanthawi, akusinthasintha phazi. Kenako anatulutsa kamwala kake koyera. "Achemwali, musandiyang'ane choncho. Mandasi sakazingidwa ndi voti."

"Nanga mudzawakazingira pati mtengo ukagwa?"

"Ndikubwera msangamsanga. Mundiyang'anire."

Nangozo anatsala ataima pakati pa miyala, akutukwana chamumtima. Pofuna kuti nthawi isapite pachabe, a Gidiyoni anayamba kuona makadi ovotera a anthu ochepa otsalawo. Nangozo anapisa dzanja pachifuwa, natulutsa kadi lake monyadira.

A Gidiyoni analiyang'ana, n'kumuyang'ana iye, n'kuliyang'ananso. "Mayi, apa palembedwa kuti ndinu yaikazi, yamawangamawanga, ndipo munabayidwa kale katemera wa chaka chino."

Linali kadi la mbuzi. Makadi awiriwo ankakhala limodzi m'kachitini pamwamba pa kabati, ndipo mmawa uja anangotola osayang'ana. Anachonderera kuti aliyense akumudziwa, kuti a Gidiyoni omwewo dzulo anagula tomato pabenchi lake. A Gidiyoni anavomera kuti akumudziwa bwino kwambiri, koma boma silidziwa munthu, limadziwa kadi.

Apa ndiye Nangozo anaima njii. Mwala wake anali nawo m'kachikwama, poti ku Tidikirebe munthu angaiwale nsapato koma osati mwala. Unali mwala wosalala wa kumtsinje, wakuda, wokwana m'manja awiri. Unamuimirira kuchipatala pamene anali ndi pakati pa Lonjezo, unamuimirira pafeteleza dzinja ndi dzinja, ndipo sunamukhumudwitsepo. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina womuona mwa aja anawalalikira. Kenako anawerama, nauika pansi.

"Ungondisungira malo," anaunong'oneza. "Usachite china chilichonse."

Anathamanga ulendo wa kunyumba chitenje chili m'manja. M'kachitini munalibe kadi. Anagwedeza mphasa, anasanthula madengu, anasuzumira m'khola poganiza kuti mwina mbuzi nayo inasokoneza. Ali m'kati mofufuza anakumbukira kuti dzulo madzulo Lufeyo ankakonza tayala la njinga pakhonde, ndipo anafunsa ngati m'nyumbamo muli kanthu kolimba koma kopyapyala.

Nangozo anakamupeza Lufeyo kutali, panjira ya ku Kudyaokha, atanyamula mayi wonenepa ndi zigubu zake. Tsikulo kabaza inali ndi msika kuposa tsiku lina lililonse.

"Bambo a Lonjezo! Imani! Kadi langa lili kuti?"

Lufeyo anatsika akupukuta thukuta. "Kadi liti, amake Lonjezo?"

"Lovotera! La nkhope yanga!"

Lufeyo anayang'ana tayala lakumbuyo, n'kuyang'ana kumwamba. "Tayala linang'ambika m'mbali, chubu chimatulukira. Ndiye ndinati ndiikemo kanthu kotchinga. Ine ndimayesa ndi la mbuzi lija."

"Ndiye kuti tsiku lonseli mwakhala mukundizunguza nkhope m'fumbi?"

"Komatu mwagwira bwino ntchito, mayi. Chiikireni simunaphulike."

Mayi wa zigubu anatsitsidwa akudandaula. Anaphwetsa tayala, analivula, ndipo kadi linatuluka litapindika ngati chipande choomolera nsima, nkhope ya Nangozo ili ndi mizere ya tayala pachipumi. Popanda kadi tayala silikanayenda, choncho Nangozo anabwerera wapansi, Lufeyo akukankha njinga kumbuyo kwake n'kumapepesa kwa msana.

Pamene zonsezi zinkachitika, kusukulu ya Taweruka nkhuku inadzuka yokha, inadziwongola, n'kupita kukafukula kudzala. Anachotsa mazira n'kuwaika m'chipewa cha msilikali, kuvota n'kuyamba. Anavota mayi wina wa mwendo wotupa amene sakanatha kuthamangira mafuta, mkulu wina wosamva amene nkhani ya mafutayo sinamufike, ndi chidakwa china chimene chinkayesa kuti mzerewo ndiye wa mafutawo. Onsewo anachonga mtengo. Atatha iwowa panatsala miyala yokhayokha, mzere wautali wokongola kuchokera patebulo mpaka kuseri kwa zigoli.

Nthawi yomweyo ng'oma zinamveka. Mfumu Sindikhuta inafika itanyamulidwa pachitseko, poti mpando inalibe, ndipo pambali pake panali alendo oyang'anira zisankho ochokera ku Ufumu wa Sitinaone, atavala zipewa zazikulu ndi magalasi akuda.

Mfumu inayang'ana bwalo lonse. "Khalanikaye, ndaitana alendo kuti adzaone anthu anga akuvota. Anthu anga ali kuti?"

Kunena chilungamo, a Khalanikaye sanakonzekere zimenezi. Thukuta linatsika m'khosi mpaka m'nsapato. Anayang'ana miyala, anayang'ana alendo, anayang'ana Mfumu, ndipo lilime lija linadzipezera lokha njira.

"Ndi amenewa, Mwini Dziko. Abwera onse. Lamulo likuti mwala woima pamzere ndi mwini wake."

Mkulu wa alendo anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Zodabwitsa! Tayenda maiko ambiri, koma mzere wamtendere chonchi sitinauonepo. Palibe kukankhana, palibe kutukwana. Koma tifunse, kodi onsewa anakwana zaka zovotera?"

"Wamng'ono kwambiri pamenepa," anatero a Khalanikaye, "ndi wamkulu kuposa agogo anu."

Alendo anagwedeza mitu mokhutira. Ndipo ntchito inayamba. A Gidiyoni ankanyamula mwala ndi manja awiri, n'kuuika patebulo pamaso pa Mfumu. A Khalanikaye ankawerama n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi mukutsutsa zoti mango adulidwe?" Ankadikira pang'ono, kuti asaoneke ngati akuumiriza munthu. Mwala unkakhala chete pamaso pa Mfumu. A Gidiyoni ankachonga mpando m'malo mwake, monga amathandizira osaona, n'kuponya pepala m'bokosi, n'kuudontheza inki pamutu. Njerwa zinavota, zidutswa za mphero zinavota, chinavotanso chigoba cha kamba chimene mwini wake ankachiyesa mwala.

Atafika pa mwala wakuda wosalala, a Gidiyoni anagwada pang'ono. "Awa ndi mayi Nangozo, a tomato aja."

"Aja amalalikira pamaliro?" anafunsa a Khalanikaye. Anakonza kukhosi, nafunsa funso lija. Anafunsanso kachiwiri, atatchera khutu pafupi. Kenako anatembenukira kwa alendo. "Mwaona nokha. Munthu amalongolola kumsika, koma akafika pachilungamo mtima umanena zoona."

Dzuwa linali litapendeka pamene Nangozo analowa pabwalo la sukulu, mapazi ali mbuu, kadi lopindika lili m'mwamba. "Ndabwera! Kadi ili! Ndipatseni pepala!"

A Gidiyoni analiwongola kadilo pabondo, nayerekeza nkhope ya mizere ya tayala ndi nkhope ya thukuta imene inali patsogolo pawo. "Ndinudi, mayi. Koma mwavota kale."

"Ndavota liti? Onani chala changa!"

A Gidiyoni sanayang'ane chala. Analoza pamulu wa miyala imene inali itamaliza udindo wake. Pamwamba penipeni panali mwala wakuda wosalala, inki ikuwala pamutu pake.

Nangozo anatembenukira kwa a Nduna. "Ndavotera chiyani?"

"Voti ndi yachinsinsi, mayi," anatero a Khalanikaye. "Sitingakuuzeni."

"Inu a Nduna, umenewo ndi mwala! Chimwala chopanda mutu, chopanda nzeru, chosadziwa kusiyanitsa mthunzi ndi dzuwa!"

"Samalani pakamwa, mayi. Mukudzitukwana nokha pamaso pa mboni, ndipo lamulo likuti mudzilipe mbuzi. Komanso kuvota kawiri ndi mlandu waukulu. Alendo athu angatitenge ngati dziko lobera zisankho."

Alendo a ku Sitinaone anavomereza kuti iwo kuvota kawiri ndiye sangakulekerere.

Apo n'kuti anthu a mafuta aja akubwerera m'magulumagulu, zigubu zikulira mphepo. Kudepoti kunafikadi galimoto, koma inabweretsa zikwangwani zolengeza kuti mafuta abwera mawa. Aliyense anapita pamulu kukatola mwala wake, naupeza uli ndi inki. Abiti Kassimu anatembenuza kamwala kake koyera m'manja kwa nthawi yaitali. "Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero pomaliza, ndipo sanathe kumuyang'ana Nangozo kumaso.

Zotsatira zinalengezedwa dzuwa lisanalowe. Mpando unapambana mochititsa kaso. Mfumu inathokoza anthu ake chifukwa chobwera mwaunyinji ndiponso chifukwa cha khalidwe lawo lofatsa. Alendo ananena kuti chisankho chinali chamtendere ndi chokomera onse, ndipo anapempha kutengako miyala ingapo kuti akaphunzitse anthu akwawo.

Mango anadulidwa sabata yotsatira. Nangozo anakana kuchotsa benchi lake mpaka nkhwangwa yoyamba italowa, ndipo Lufeyo anachita kumukoka. Mtengo unagwa ndi mkokomo umene unamveka mpaka kumjigo, mbalame zikuzungulira m'mwamba kusowa kobwerera. Nangozo analira mokweza ngati pamaliro a mayi ake, osasamala kuti akuonedwa ndi ndani. Chinkamupweteka kwambiri sichinali nkhwangwa, kapena Nduna, kapena Mfumu. Chinali choti m'bokosi lija munali pepala lake, m'dzina lake, lonena kuti dulani, ndipo dzanja limene linaika mwala pansi linali lake lomwe.

Kuyambira pamenepo msika wa Bweranimawa unakhala pamtetete. Nangozo anayesa kufunditsa tomato ndi chitenje, anayesa ambulera yothyoka, anayesa kumuwaza madzi. Pofika masana tomato ankakhala atafota, ogula n'kumamudina ndi chala n'kupitirira. Mwala uja anauponya pansi pa bedi. Anali atayesa kuutsuka ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga, koma inki ya boma sichoka msanga.

Ku Kudyaokha akalipentala anasema mpando waukulu umene dziko linali lisanauonepo. Koma kusema kumatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo Mfumu inali pamadyerero okondwerera kupambana. Tsiku lokhazika Mfumu pampando watsopano, ng'oma zikulira, nduna zikuvina, Mfumu inatembenuka, inatsika pang'onopang'ono, n'kukakamira pakati. Anaikankha, anaipaka mafuta ophikira, amene kunyumba yachifumu anali asanasowepo, koma ulemerero unakana kulowa.

Akalipentala anabweranso ndi zingwe zawo. Ananena kuti anaiwala mtengo wina, mkuyu wa pamjigo, umene amayi amakhala pansi pake podikira madzi. Mfumu, imene tsopano inali itazikonda zisankho kuposa nkhuku, inalamula kuti anthu afunsidwenso.

Tsiku la chisankho chachiwiri Nangozo anafika pasukulu ya Taweruka kadi lili m'manja, ataliyang'ana kawiri kuti si la mbuzi. Mzere unali wautali, wa anthu enieni. Panalibe wovala za kutchalitchi ulendo uno, ndipo panalibe wolankhula zambiri. Nkhuku inali itaswa kale, koma tsopano kiyi wa bokosi anali atapita ndi msilikali wina kumaliro. Analengeza kuti kuvota kuyamba maliro akaikidwa.

Dzuwa linafika paliwombo. Lufeyo anabwera akukankha njinga, kanthu kolemera kali m'thumba la jekete. "Amake Lonjezo, mwaima kuyambira mmawa. Ndakutengerani mwala wanu uja. Uikeni apa mukakhaleko pakhonde la sukulu, ine ndiziuyang'anira."

Nangozo anauyang'ana mwalawo. Inki inali ikuonekabe pamutu pake. "Ubwezeni m'thumba, bambo a Lonjezo. Umenewo ndi wa boma."

Asanatseke pakamwa, kumsewu kunadutsa munthu panjinga akukuwa kuti, "Shuga wafika kudepoti! Shuga weniweni, ndamulawa ndekha!"

Mzere unagwedezeka. Manja ena anayamba kulowa m'matumba. Abiti Kassimu anatseka maso n'kugwira chitenje cha Nangozo mwamphamvu. Ndipo Nangozo, amene kunyumba kwake tiyi ankamwedwa ndi chikumbutso chokha cha shuga chidulireni mango, anamva phazi lake lamanja likunyamuka lokha, likuloza ku Kudyaokha.

Analiyang'ana phazilo. Anayang'ana chakumsika, kumene kale kunkaoneka nsonga ya mtengo pamwamba pa madenga, ndipo tsopano kunali thambo lokhalokha.

"Bambo a Lonjezo," anatero, "bweretsani mwala uja."

Lufeyo anautulutsa msangamsanga, nawerama kuti auike pamzere.

"Osati pansipo," anatero Nangozo. "Uikeni paphazi langali. Ndipo mukhale pamwamba pake."